Amayi Rozaria, Amene Ankatuluka Misa Isanathe

Amayi anga anabadwira kutsidya, m'dziko la Apwitikizi. Anabwera ndi makolo awo ali mtsikana, kuthawa chibalo, nakhazikika kunsi kwa phiri la Michesi. Chinyanja cha pamsika anachigwira, koma cha mapemphero sichinawalowe. Mulungu ankamutchula Muluku, m'Chilomwe chawo.

Analowa kalasi ya ubatizo ine ndili kumsana. Chaka ndi chaka a Kaliati, mphunzitsi wa katekisimu, ankawafunsa m'Chinyanja, mawu n'kuwathawa. "Chaka chamawa, mayi," ankatero. Amayi ankawomba m'manja n'kutenga tsache. Osesa tchalitchi anali iwo, osambitsa odwala anali iwo, koma ikafika nthawi yoti osabatizidwa atuluke, ankakagwada pakhonde, ngakhale mvula ikuwomba. Anzawo akawamvera chisoni, amayi ankati, "Khomali ndi la dothi, Muluku amamva."

Ine anandiletsa Chilomwe. "Asadzakutche Mnguru ngati ine," ankatero. Nandolo ndi chinangwa chawo zinandifikitsa ku koleji ya aphunzitsi. Ankakhulupirira kuti Chingerezi changa chidzawalankhulira kwa wansembe.

Chifuwa chitawagwira mu 1953, ndinasiya koleji kudzawasamalira. Wansembe atafika pa tchalitchi chathu, ndinamupempha m'Chingerezi chonse chimene ndinali nacho kuti awabatize. Anali mzungu wachifundo. Anati, "Ayankhe m'chinenero chawo, iwe umasulire." Amayi analankhula nthawi yaitali, maso ali pa ine. M'mawu onsewo ndinatolamo Muluku yekha. A Kaliati anali chilili, akuyang'ana pansi. Wansembe anati tidzaonanso mvula ikatha. Panjira amayi sanandidzudzule. Anangondifunsa ngati ndili ndi njala.

Mvula isanathe matenda anakula, mitsinje itadzaza moti wansembe sakanatha kufika. Ndinathamangira a Kaliati, poti munthu akamamwalira mphunzitsi angathe kumubatiza. Anagwada pamphasa, nayang'ana kukhomo ngati wakuba, kenako anayamba kufunsa mafunso a katekisimu m'Chilomwe. Amayi anayankha limodzi limodzi, osapunthwa. Anawathira madzi, nawatcha Rozaria. Mawa lake dzuwa likupendeka amayi anatisiya mwamtendere, atagwira dzanja langa.

Akhristu anzanga, tsanzirani kupirira kwawo. Ine sindinafikepo. Tikuchokera kumanda ndinawaimitsa aphunzitsiwo.

"A Kaliati, zaka zonsezi Chilomwe munkachidziwa?"

"Wansembe amadziwa kuti ndine Mnyanja," anatero. "Zikanamveka kuti ndine Mlomwe, anthu akanati Mnguru akutiphunzitsa Mulungu. Ntchito ikanatha."

"Nanga tsiku lija amayi ankati chiyani kwa wansembe?"

Anapukuta khasu lawo ndi udzu, osandiyang'ana.

"Sankayankha katekisimu. Ankamupempha kuti asakuseke, poti wolakwa ndi iwo."