Chitsulo chotsekera chinali m'manja mwanga

Ine mawu anga amamveka kuchokera kukomboni ya Kapata mpaka kumsika, funsani aliyense. Koma tsiku limodzi lokha anandithawa.

Inali nthawi ya Chitaganya, ndikugwira ntchito pagalaja ina ku Fort Jameson. Tinali ndi makina okwezera galimoto m'mwamba. Lamulo la bwana linali lakuti galimoto ikakwera, uyambe walowetsa chitsulo chotsekera pabowo la mzati wa makinawo kuti isatsike, kenako ulowe kunsi. Zolembedwa pakhoma sindinkatha kuwerenga, koma lamulolo ndinkalidziwa bwino.

Apongozi anga aamuna anabwera kuchokera ku Chiparamba kudzaona ntchito ya mkamwini wawo. Ndinakweza galimoto n'kuwalowetsa kunsi kwake, ndikuloza uku ndi uku. "Ili ndi giyabokosi, bambo! Ngakhale azungu amafunsa ine!" Cholozeracho chinali chitsulo chotsekera chija.

Kenako ndinamva mpweya ukuti fwiii, galimoto ikutsika pang'onopang'ono. Miyendo inanditulutsa ndekha, osanditsanzika n'komwe. Tsono mkamwini angakalipire apongozi? Angawakoke dzanja? Ndinagwada, n'kuwomba m'manja, n'kunong'ona kuti, "Bambo, mwina mukanasenderako kuno."

"Ndikuonabe, mwananga," anatero.

Anatuluka chokwawa, galimoto itawaphwanyira chipewa pamutu. Apo mawu anga anabwerera. Ndinatukwana makinawo mpaka bwana anatuluka muofesi, chitsulo nditachibisa kumbuyo.

Ndinawagulira chipewa chatsopano, iwo n'kuthokoza ndi manja awiri. Mpaka imfa yawo ankauza anthu a ku Chiparamba kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu waulemu.