Indebambo Aphunzira Kukana

Mbiri inandipeza ndili pa benchi yanga, msomali uli kukamwa, nsapato ya mwini ili pabondo. Anali mlongo wanga pa foni kuchokera kwathu, ndipo moni sanapereke n'komwe.

"Achimwene, mwana uja wapenga. Mabuku amuzunguza mutu."

Iye anamva kwa mkamwini wake, mkamwini anamva kwa mnzake wa kuntchito, mnzakeyo ali ndi msuweni amene amagona chipinda choyandikana ndi cha mwanayo ku nyumba ya ophunzira. Akuti akumalankhula yekha, kukalipa, kumenya tebulo. Akuti wayambana ndi mlonda wa pakhomo, nkhalamba yosalakwa, pa nkhani ya nyengo chabe.

Ndinalavula msomali uja. Mtima wina unakana, wina unati utsi sufuka popanda moto. Ine sukulu ndinaithawa pamene masamu anayamba kusakaniza manambala ndi malemba, koma ichi ndimachidziwa: mabuku akachuluka amafuna pokhala, ndipo amakonda kukhala pomwe panali nzeru.

Mwanayu kwathu timamutcha Indebambo. Dzinali analipata ali kamtsikana. Ukamutuma, inde bambo. Ukamunamizira kuti waswa kapu yomwe waswa ndiwe, inde bambo. Ine ndinamuuzapo kuti ndege zimaikira mazira kuseri kwa mitambo, iye n'kuyang'ana pansi n'kuti inde amalume, chonsecho m'kalasi palibe ankamuposa. Anakula choncho, nalowa ntchito ku ofesi yoona zaukhondo mumzinda, kumayendera zimbudzi za m'misika ndi m'masukulu atavala majombo. Anakwatiwa ndi mphunzitsi, munthu wabwino ndithu, kungoti amakonda kumalizira anzake mawu. Kenaka anapeza mwayi wodzaphunzira kudziko lino, kumene ine ndakalambira ndikusoka nsapato ndi kudula makiyi pafupi ndi siteshoni. Ana a anthu amawoloka nyanja kudzaphunzira udokotala ndi malamulo. Wathuyu anawolokera zimbudzi. Digiri yachiwiri, yosanjikiza pa inzake, ya zimbudzi!

"Mwamuna wake wati abwere msanga," anatero mlongo wanga. "Pitani mukamulongedzere, mukamukweze ndege."

Ndinamukumbutsa kuti iyi ndi teremu yomaliza. Chatsala n'kukaima pamaso pa akuluakulu a sukulu, kuyankha mafunso pa buku lomwe walemba. Akachoka asanatero, zaka zonsezi zapita m'madzi, chifukwa omulipirira sukulu sabwereza.

"Digiri sidyedwa, achimwene. Bola abwere."

Ndinatseka shopu, ndinakwera sitima.

Nyumba ya ophunzira m'teremu yomaliza ili ngati chipatala chopanda anamwino. M'makhonde mununkha anyezi ndi sokosi. M'khitchini makapu aunjikana, ena amera ubweya. Anthu akuyenda ndi maso ofiira, mapepala kukhwapa, ukawapatsa moni amakuyang'ana ngati wawafunsa funso la mayeso. Ena ayamba kale kuunjika makatoni pakhomo. Mlonda, mkulu wa ndevu zoyera ngati zanga, atamva kuti ndine ndani anapukusa mutu.

"Mwana wanu uja anali waulemu kuposa onse muno. Masiku ano ndikati kunja kwazizira, akuti ayi, sikunazizire, akundiyang'ana m'maso ngati ndamubera. Akakwera masitepe pang'ono, akubwereranso kudzapepesa. Mawa lake zomwezo."

Msuweni uja, amene ine ndinangomutcha Wailesi, anandiperekeza mpaka pa chitseko cha chipinda chochapira, nandilozera kagalasi. Ndinasuzumira. Makina ochapira akuzungulira, thovu lili mbuu. Patsogolo pake pali mpando, pampandopo pakhala mopu wovala jekete, magalasi atakoledwa m'zingwe zake zoyera. Ndipo uyo Indebambo, wowonda ngati ndodo ya mopuyo, chala chili m'mwamba.

"Ayi bwana! Mwawerenga molakwa! Bwererani pa tsamba lomwe ndakuuzani!"

Ndinati mumtima, mlongo wanga sananame. Ndinatsegula chitseko pang'onopang'ono monga amachitira anthu polowa kwa wodwala.

"Odi kuno. Kodi awa ndiwo akamwini atsopano? Tsitsi lokha ali nalo."

Anatembenuka. Chala chija chinagwa, maso anathawira pansi, mapewa anafota. "Amalume! Mwabwera liti? Pepani, sindinakuchingamireni."

"Waona, mopu ukuukalipira, ine ukundipepesa. Wapenga mbali imodzi basi?"

Anavula mopu jekete, nanditengera kuchipinda kwake. Kachipinda kake ndi kopapatiza, ukatambasula manja ukhudza makoma onse. Bedi ladzaza mapepala, iye akugona m'mphepete ngati mlendo. Pakhoma wamata mizere yokwera ndi yotsika. Anandiwiritsira tiyi m'ketulo, nakhala pa sutikesi, nandifotokozera.

Buku lake ndi la ufa wina umene anthu amathira m'zimbudzi zokumba kuti zisadzaze msanga. Iye anayeza maenje ambirimbiri ndi ndodo yake, ena othiridwa ufawo, ena osathiridwa, napeza kuti onse akudzaza chimodzimodzi. Vuto n'lakuti mmodzi mwa omufunsa mafunso, pulofesa wokalamba, anautamandapo ufawo m'buku lake.

"Tinachita zoyeserera, amalume. Anakhala atatu, onse aimvi. Woyamba anati manambala anga ndi ochepa. Ndinati pepani, ndiwonjezera. Wachiwiri anati manambala achuluka, akusokoneza. Ndinati zoona, ndichotsako. Wachitatu anati mwina ndodo yanga inali yokhota. Ndinati mwina inalidi yokhota."

"Inali yokhota?"

"Inali yachitsulo, amalume! Yowongoka ngati njanji!"

Mphunzitsi wake womuyang'anira, mayi wamfupi wosaseka, anamuitanira mu ofesi. Anamuuza kuti akuluakulu aja ankanena zabodza dala kuti aone ngati mwini ntchito aiteteza. Anati ukadzavomera chonchi tsiku lenileni, udzalephera, chifukwa ntchito imene mwini wake akuikana palibe angaikhulupirire.

"Ndimadziwa yankho, amalume. Limafika apa," anagwira pakhosi, "koma ndikaona imvi, limabwerera. Pakamwa pamatuluka pepani. Munandiphunzitsa ndinu nomwe kuti wamkulu salakwa."

"Ine? Ine ndinakuphunzitsa za mazira a ndege basi."

Sanaseke. Anati ndiye chifukwa chake akuyeserera pa mopu ndi pa mlonda. Koma mopu alibe maso, ndipo mlonda sakwiya.

Apa ndinakumbukira chimene ndinadzera. Ndinakonza kholingo, ndinaika nkhope ya umalume. "Mwanawe, ine ndatumidwa. Mayi ako ndi mwamuna wako ati ulongedze. Upita kwanu."

Anayang'ana pansi. Ndinaona milomo ikukonzekera inde uja wa masiku onse. Kenaka anadzutsa mutu pang'onopang'ono ngati akunyamula mtolo, maso ake n'kugwera m'maso mwanga.

"Ayi."

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi, amalume. Sindipita. Ndalowa m'maenje a anthu mpaka m'mawondo, ndasiya mwana wanga akuyamba kuyenda, pano akundiona pa foni ngati katuni. Ndichoke chifukwa Wailesi wanuyo wamva phokoso? Mundinyamule. Ndipo mukandinyamula ndikuwa."

Ine tsitsi linandiima. Chibadwire chake ndinali ndisanamvepo mawu amenewa m'kamwa mwake.

Foni inalira nthawi yomweyo. Anali aphunzitsi, mwamuna wake, ndipo mawu awo ankamveka chipinda chonse.

"Amayi a mwana, ndamva zonse. Usadandaule, ndikudziwa kuti ukufuna kunena kuti watopa, ndiye..."

"Sindikufuna kunena zimenezo."

"Eya, ukufuna kunena kuti..."

"Bambo a mwana, mundisiye ndimalize ndekha. Sindikudwala. Sindibwera ndisanamalize. Mukandifuna msanga, mundipempherere ndikhoze."

Kenaka kunamveka timawu tating'ono: "Amalume ali pomwepo? Apatse foni." Ndinanena mokweza kuti amalume apita kukayendera zimbudzi, pajatu ndi ntchito ya pabanja pathu.

Sindinabwerere tsiku limenelo. Wailesi anandibwereka matiresi, ndipo mopu anachotsedwa ntchito, jekete ndi magalasi n'kupatsidwa ine. M'mawa uliwonse tinkatsikira kochapira. Ine za ufa ndi maenje sindizidziwa, koma kuputa munthu ndiye ntchito yomwe ndinabadwira.

"Mayi, buku lanuli analemba ndi mwamuna wanu."

"Ayi, ndinalemba ndine."

"Ukunena kwa ine kapena kwa nsapato zanga? Nsapato ndasoka ndekha, sizifuna digiri. Yang'ana kuno! Maenje anuwo munangowalota."

"Pepa... ayi! Ndinawayeza ndekha, ndipo zithunzi zilipo."

"Mwana wopanda mwambo iwe, ukutsutsa ine wobadwa limodzi ndi mayi ako?"

Pamenepo ndiye ankagwa. Ndikangotchula mwambo, maso pansi. Tinabwereza mpaka anaphunzira kuti, "Ulemu wanu ndikukupatsani, koma apa mwalakwitsa." Ophunzira ena odzachapa ankaima ndi mabasiketi awo kumatiwonerera. Wailesi anatumiza uthenga kwathu kuti tsopano apenga awiri.

Tsiku lenileni linafika. Chipinda chinali ndi tebulo lalitali, mabotolo a madzi, ndi mipando ingapo kumbuyo ya ofuna kumvera. Ndinakhala pamenepo nditavala suti yanga ya kumaliro. Indebambo anaima kutsogolo, nafotokoza ntchito yake m'chinenero cha kuno. Zina zinkandidutsa, koma nkhope ndimawerenga bwino kuposa mabuku. Awiri mwa omufunsa anafunsa mafunso awo, iye nayankha bwinobwino. Kenaka pulofesa wa ufa uja anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali. Mkulu ameneyu imvi zake zinali zoposa za mopu.

Analankhula mofatsa, ngati agogo akulangiza mdzukulu. Anati iye ufa umenewu anayamba kuuyesa mayiyu asanabadwe. Anati mwina anthu a kumaenjeko sankathira mlingo woyenera, ndipo ngati zili choncho, buku lonseli laima pa mchenga. "Simukuvomereza, mayi?"

Ndinaona mutu wa mwanayo ukutsika. Manja anakumana kutsogolo, chala china chikukanda chinzake. Mphunzitsi wake wamfupi uja anatseka maso. Ine ndinafuna kutsokomola, koma ndinati ayi, mkulu iwe, iyi si benchi yako.

Anapuma kamodzi. Mutu unadzuka.

"Sindikuvomereza, bwana. Ufawo sankathira anthu, ndinkathira ndine, pa mlingo womwe munalemba inuyo m'buku lanu. Zili m'mutu wachitatu. Mukafuna titsegule limodzi."

Mkuluyo anavala magalasi, natsegula, nawerenga chala chili pamzere. Sanagonje msanga, pajatu nkhalamba tili choncho. Anabwera ndi funso lina, iye nalibweza. Anabwera ndi linanso, ndipo apa mwanayo anati, "Pamenepo mwanena zoona, nyengo ya mvula sindinayeze mokwanira, ndipo ndalemba kuti wina adzapitirize." Inde ameneyu anali wina, woima ndi miyendo yake. Anakangana mpaka madzi a m'mabotolo anatha. Kenaka anatitulutsa tonse kuti akambirane.

Pakhonde Indebambo anatsamira khoma. "Amalume, ndamunyoza mkulu uja?"

"Kwambiri. Ukanakhala mwana wanga ndikanakulanda digiri yoyamba ija."

Chitseko chinatseguka. Anatuluka ndi pulofesa yemweyo, namugwira chanza, nanena kuti akadali ndi mafunso ndipo adzakangana naye m'mabuku, koma wakhoza. Akonze timalo tingapo basi. Indebambo anati zikomo, akumuyang'ana m'maso.

Ndili pa siteshoni kudikira sitima yobwerera, mlongo wanga anaimba.

"Ndiye mwamukweza ndege? Mutu uli bwanji?"

"Sindinamukweze. Abwera yekha akamaliza kukonza buku lake. Wakhoza. Sanapenge."