Zala Zitatu za Abwana

Ntchito yanga kuno ku Dubai ndi kuyendetsa galimoto ya mkulu wina, mwini dziko, mbadwa ya konkuno, ndipo chinthu choyamba chimene ndinaphunzira, ndisanadziwe n'komwe misewu, chinali kuvomera. Akati njira ya ku Al Nahda lero ndi yoyera, ine ndimati inde bwana, uku ndikudziwa kuti tikakhala pamzere wa magalimoto mpaka msana kuwawa. Dalaivala amene ndinalowa m'malo mwake anabwezedwa kwawo chifukwa chotsutsa mwana wa abwana pamaso pa alendo, ndiye ine ndinafika pakamwa nditasoka kale.

Chaka chathachi abwana anati ndiwapititse ku chionetsero cha zida za ulenje mumzinda woyandikana nafe. Eni dziko amene ali ndi chilolezo amagula mfuti kumeneko. Ife ena timangonyamula zikwama n'kumayenda pambuyo. Chakumapeto kwa holo kunali tebulo la mfuti zakale, zoti ena anagwiritsapo kale ntchito, ndipo abwana anaima pamenepo ngati aona m'bale wawo. Inali mfuti ya mipope iwiri, yowombera mbalame, ndipo anati malemu bambo awo anali ndi yotero. Wogulitsayo anali wotsekemera pakamwa. Anati mwini wake woyamba ankangoisunga m'kabati, sinaone dzuwa, sinaone mvula. Kunena zoona inkanyezimira, koma kunyezimira kwake kunali kwa chinthu chimene achipaka dzulo.

Ine mfuti ndimazidziwa pang'ono. Ndisanabwere kuno ndinagwirapo ulonda pa esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo mkulu wa alonda anatiphunzitsa kuti mfuti yakale suyikhulupirira ndi maso okha. Umachotsa mpope, n'kuupachika pa chingwe, n'kuugogoda ndi kachitsulo. Wabwino umalira ngati belu la kusukulu. Wowonongeka umangoti phu, basi. Koma pachionetsero ndani angakulole zimenezo? Anthu akukankhana, wina ali kumbuyo kwako akufuna yomweyo, kuiwomba sungaiwombe, ndipo umboni wonse ndi lilime la wogulitsa.

Abwana ankadziwa za ulonda wanga. Anatembenuka, wogulitsayo ali pomwepo, n'kundifunsa, "Ili bwino, habibi, mnzanga?"

"Ili bwino kwambiri, bwana."

Ndinali ndisanaigwire n'komwe.

Mapepala atatha, mfutiyo inafika kunyumba, ndipo anandipatsa ine kuti ndiipukute ndi mafuta. Anali masana, ndili ndekha m'galaja. Ndinachotsa mpope, n'kuupachika pa chingwe choyanikira zovala, n'kugogoda ndi kiyi wa galimoto. Phu. Ndinagogodanso, ndikudzinamiza kuti mwina ndi makutu angawa. Nditasuzumira mkati moyang'anitsa kuwindo, ndinaona timaenje ta dzimbiri, ndipo poyendetsa chala kunja ndinamva kuti mpope wa kumanzere ndi wotupa pang'ono, pamalo penipeni pamene munthu amagwira ndi dzanja.

Panyumbapo pali mayi wina wa ku Ntcheu wolera zidzukulu za abwana. Iye ndi Mkhristu, ine Msilamu, koma Chichewa chinatipanga apachibale, moti ankanditchula achimwene ndipo tiyi wanga ankadziwa shuga wake. Ndinamuuza zonse. Sanachedwe.

"Achimwene, kawauzeni lero lomwe. Mawa mudzati mkuja."

Ndinamufotokozera kuti si zophweka. Ndinanena kale pagulu kuti ili bwino, ndiye ndikayamba bwanji? Ndikati ndinawanamiza? Kapena ndikati iwo, mwana wa mlenje, agulitsidwa chitsulo chowola n'kuzindikira dalaivala? Anandifunsa ngati kubwerera kwathu ku Machinga ndikukuopa kuposa kuona munthu akuvulala. Ndinapsa mtima, chifukwa anali atalasa penipeni. Ndinamuuza kuti azisamala za matewera, za mfuti azisiyira ife.

Kuyesa ndinayesa, ngati kumeneko kungatchedwe kuyesa. Tsiku lina titaima pa maloboti ku Al Rigga ndinatsegula pakamwa, ndinati bwana, za mfuti ija. Foni yawo inalira, anayankha, ndipo atamaliza anali ataiwala. Ine ndinapuma, ndipo manyazi a kupuma kumeneko ndili nawo mpaka lero.

Loweruka lotsatira m'mawa tinapita kumalo owomberako mfuti, kumene makina amaponya timbale tadothi m'mwamba, anthu n'kumatiswa. Abwana anagula machaka atsopano, amphamvu, amene mfuti ya nthawi ya bambo awo sinapangidwire. Anawomba kawiri, osachitika kanthu. Ndinayamba kumuseka mayi wa ku Ntcheu uja chamumtima. Kachitatu mpope wa kumanzere unang'ambika. Phokoso lake silinali lalikulu kuposa kuwomba wamba, koma abwana anangokhala pansi mwakachetechete, akuyang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina. Ndinavula shati n'kumanga, ndipo sindinayendetsepo galimoto mmene ndinayendetsera tsiku limenelo. Kuchipatala anapulumutsa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Zitatu zinapita.

Wogulitsa uja atamufunsa anati iye anagulitsa chinthu chakale monga chinalili, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ine ndiye ndinasanduka ngwazi. Ana awo anandigwira chanza mmodzimmodzi, akuthokoza kuti shukran, shukran. Alendo akabwera, abwana amandiitanitsa kuti aone Mmalawi amene anawamanga bala ndi shati yake. Kontilakiti yanga anaiwonjezera ndisanapemphe. Masiku ano ndine ndimawatsegulira botolo la madzi ndi kuwasendera malalanje, ndipo nthawi iliyonse amathokoza. Bola akanakhala munthu woipa mtima, mwina zikanapepukako.

Mwezi wathawu tinkachokera kuchipatala kokaonetsa dzanjalo, mayi uja ali pampando wakumbuyo ndi khanda. Abwana ankasisita pamene panali zala, kenako anandifunsa, mosakwiya n'komwe, ngati munthu wodziwa mfuti akanatha kuzindikira zisanachitike. Pagalasi ndinaona mayi uja atadzutsa mutu.

"Palibe akanadziwa, bwana."

Abwana anagwedeza mutu n'kunena kuti khalas, zatha basi, zinalembedwa, ndipo anandisisita paphewa ndi zala ziwiri zotsalazo.

Mayi wa ku Ntcheu sanauze munthu aliyense, ndipo ndikudziwa kuti sadzauza. Titafika kunyumba anatsika ndi khandalo, n'kuima pawindo langa.

"Adalaivala, madamu akuti muwatenge folo koloko."

Chiyambire tsiku limenelo amandilankhula za ntchito zokha, ndipo chakudya changa amangochisiya pakhomo la galaja osagogoda.