Phazi la a Gervazio Alufandika, Telala wa ku Limbe

Lachiwiri pa 9 Ogasiti 2022, a Gervazio Alufandika analowa m'chipinda cha odwala shuga pachipatala china chachikulu mu Blantyre muno ali ndi bala lonyeka kuphazi lakumanja. Anatulukamo atalembedwa m'kabuku kuti zonse zili bwino. Anawabaya chala, anawakweza pasikelo, anawayeza kuthamanga kwa magazi. Woti avule nsapato sanapezeke.

Bambo ameneyu anabadwira kwa Tengani ku Nsanje, ndipo anafika m'tauni ali mnyamata, atanyamula sizasi ndi tepi basi. Zaka makumi atatu ndi zisanu anakhala pakhonde la sitolo ina ku Limbe, akupalasa makina osokera ndi phazi lomwelo. Mayunifolomu a ana asukulu, masuti a ukwati, madiresi a amayi a kwaya, zonse zinkadutsa pansi pa singano yawo. Phazilo ndilo linamanga kanyumba kawo ku Nancholi, ndilo linaphunzitsa ana anayi.

Shuga anawapeza naye mu 2015. Anamvera zonse: tiyi wopanda shuga, mapiritsi osadumphitsa. Mapazi atayamba kuchita dzanzi, iwo ankati n'kupalasa makina. Palibe anawauza kuti ndi shuga yemweyo akudya mitsempha.

Mu Juni 2022 anaponda phini pantchito osamva kanthu. Akazi awo, a Anastazia, ndiwo anaona magazi papatapata. M'mawa mwake akunyamuka kupita kukachipatala kapafupi ndi kwawo, mayiwo anawaitana.

"Bambo, kabuku ka shuga mwasiya pathebulo."

"Kameneko n'ka kwa adokotala akuluakulu, mayi. Za phini tipeza kena, tisakadetse ndi zazing'ono."

Choncho munthu mmodzi anakhala ndi timabuku tiwiri, kena ka shuga, kena ka bala, tosadziwana. Namwino wotsuka mabala ankawamanga bandeji Lolemba ndi Lachisanu, milungu n'kumapita.

"Madala, balali likukanika bwanji? Mukumalinyowetsa eti? Kapena mukumavina nalo utse?"

Iwo ankaseka nawo mwaulemu. Funso lakuti kodi muli ndi shuga, lomwe silitenga ngakhale mpweya umodzi, namwinoyo sanafunse.

Tsiku la pa 9 Ogasiti lija anadzuka n'kuvala monga ankachitira nthawi zonse popita kwa dokotala: jekete yosoka okha, tayi, nsapato zopolisha. Phazi lotupalo analikanikizira m'nsapato ndi bandeji yomwe.

"Mukawaonetsetu phazilo," anatero a Anastazia.

"Ndikavule sokosi pamaso pa adokotala asanandiuze? Ndi fungo limeneli? Ine sindinaleredwe choncho."

Anakulira m'masiku amene munthu wamba sankayamba kuyankhula pamaso pa wophunzira. Pabenchi panali anthu osachepera makumi asanu ndi atatu. Nthawi yawo itakwana, dokotala anafunsa maso ali papepala, cholembera chikuyenda.

"Pali vuto lina, bambo?"

"Ayi, pang'ono chabe mwendowu..."

"Ukalamba umenewo. Wotsatira!"

Dokotalayo anaona tayi, anaona nsapato zonyezimira, n'kuganiza kuti munthu wodzisamala chonchi sangakhale akuwola.

Mu Okutobala thupi linatentha, zala zakuphazi zinada ngati makala. Anawagoneka m'chipatala chachikulu chija. Apo ndiye anabwera onse pamodzi, anthu asanu kuzungulira bedi limodzi: dokotala wa shuga, dokotala wa opaleshoni, namwino wa mabala, mayi wolangiza za zakudya, ndi bambo wopanga miyendo yoikirira. Ankakambirana m'Chingerezi, poyesa kuti telala sakumva. Chonsecho telalayo wakhala akuyeza azungu ndi amwenye mathalauza kuyambira ena mwa iwo asanabadwe. Anamva bwino lomwe akuti bala lotere likanapola likanaonedwa msanga.

Kenako wa opaleshoniyo anatembenuka. "Munachedwa, bambo. Bwanji osabwera msanga?"

A Gervazio anapisa pansi pa pilo n'kutulutsa timabuku tiwiri tija.

"Adokotala, werengani madeti. Miyezi inayi ndakhala ndili m'manja mwanu. Ndinachedwa kuti?"

Dokotala wa shuga anatsegula kabuku ka bala, namwino anatsegula ka shuga. Anayang'anana. Pa 21 Okutobala anawadula mwendo pansi pa bondo.

Malo awo pakhonde paja anatenga wina mwezi usanathe. Kulakwa kwawo a Gervazio sakana. Amati manyazi anawapha, ndipo timabuku tiwiri anayambitsa ndi iwo. Koma telala sanapite kusukulu ya zachipatala. Amene anapitako amadziwa kuti wodwala shuga amavulidwa nsapato, afune asafune, ndiponso kuti bala losapola milungu isanu ndi umodzi limafunsidwa za shuga. Amadziwanso kuti ntchito imeneyi imafuna kuti wa shuga, wa mabala ndi wa opaleshoni azikambirana wodwala akadali ndi miyendo yonse. Zimenezi zili m'mabuku awo, si m'mabuku a telala.

Mu Januwale analemba kalata kwa akulu a chipatalacho. A Anastazia anakaipereka pamanja, mlembi anadindapo chidindo. Mpaka lero kuli zii.

Tsopano chidendene chakumanzere chayamba kung'aluka, ndipo nachonso sichimva kanthu. A Anastazia amachiyang'ana m'mawa uliwonse, amachisambitsa, amachipukuta, koma iwo si namwino. Mwendo watsala umodzi womwewo.

Akulu a chipatala ayankhe, ndipo ayankhe polemba. Kodi a Gervazio apite nalo pakhomo liti phazi latsalali, tsiku lanji, ndipo dzina la munthu amene akaone phazilo ndi shuga wawo pamodzi ndi ndani?