Mitsuko iwiri ya munthu wa ku Joni

Kuseri kwa bafa lathu, kumunsi kwa Mua, kunali chithaphwi chimene abakha a mudzi wonse ankachidziwa. Dothi la kwathu ndi makande, silimwa madzi msanga. Madzi osamba, otsukira mbale, ochapira nsanza za mwana, onse ankathera pamenepo, udzudzu n'kumaswana. Mwana wanga atadwala malungo kachiwiri, malume anga anati basi, akumba dzenje lodzaza miyala loti lizimwa madziwo.

Malume anali mmisiri womanga nyumba, ndipo sankagwira khasu asanawerenge. Anakhala pakhonde ndi njere za chimanga m'dzanja, nati njere imodzi ikhale mtsuko umodzi wa madzi otayidwa pa tsiku. Amayi anga anawaikira njere imodzi, ine imodzi, mwana ziwiri chifukwa cha zochapa zake, mbale ndi miphika ziwiri. Anandifunsa ngakhale za madzi otsukira mphale, ine n'kumaseka kuti munthu wamwamuna wafika pati.

"Zisanu ndi imodzi," anatero. "Ndikumba mpaka m'chiuno."

"A malume, mwaiwala munthu," ndinatero.

Mwamuna wanga anakwera sitima ku Mtakataka kupita ku migodi ya ku Joni mwanayo ali m'mimba. Madzinja anayi anadutsa, iye osabwera. Makalata anabwera chaka choyamba chokha. Achibale anali atayamba kundinong'oneza za telala wina wa ku Golomoti woti andikwatire, ndipo malume, monga mwini mbumba, ndiwo anali ndi mawu omaliza. Akanasiya kumuwerenga mwamuna wanga pakhomopo, ukwati wanga ukanathera pomwepo. Ndinkachita mantha, koma ndinatapa njere ziwiri m'dzanja lawo n'kuziika pansi.

"Iwe, ziwiri zonsezi za munthu mmodzi?"

"Mukuwadziwa akamwini anu. Mtsuko umodzi amangonyowetsera kumutu."

Zinali zoona. Bamboyo ankasamba ngati mvuu, akuimba nyimbo za kutchalitchi molakwitsa mawu, mpaka madzi kuyenderera kukafika pa nthochi. Masiku amenewo ndinkamukalipira, poti wotunga kuchitsime ndinali ine. Tsopano khosi langa linkalakalaka mitsuko iwiri ija.

Amayi anayang'ana kumbali. Malume anaziyang'anitsitsa njerezo nthawi yaitali, nkhuku ikuzizungulira. Kenaka anaiingitsa, nati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wa mlongo wanga. Koma chabwino. Zisanu ndi zitatu."

Anakumba masiku atatu mpaka dzenje kuwafika pachifuwa, akudandaula msana. Ine ndi amayi tinatuta miyala ya kumtsinje pamutu. Za telala sanazitchulenso, ngakhale tsiku limodzi.

Dzenjelo silinasefukirepo. Ngakhale m'dzinja, madzi akumapiri atatsikira kudambo, kuseri kwa bafa lathu kunali gwa. Abakha anasamukira kwa aneba. Anthu ankabwera kudzaona, n'kumatama malume kuti amadziwa kuwerenga madzi. Iwo ankangoti, "Mukafunse mwana wa mlongo wanga," n'kupitiriza kufwenkha fodya.

Mwana wanga anakula akusamba m'bafa limenelo, malungo atamuleka. Tsiku lina, ali kale namwali, anandifunsa chifukwa chake dzenje lathu linali lalikulu kuposa a anzathu, chikhalirecho pakhomo tinalipo atatu okha. Ndinamuuza kuti tinasiyamo malo a madzi a bambo ake. Bambo akewo sanabwere kudzawasamba.