Akufuna Kudula Nkhadze Zanu

Bambo a Yankho, nkhata za pamanda panu sizinafote n'komwe, koma m'mawa uno amalume abwera ndi chikwanje kudzayendera mpanda wanu. Ndakumbuka tsiku limene munkaubzala. Munabwera ndi nthambi za nkhadze pa njinga kuchokera ku Chiosya, chifukwa anthu opita ku Kamwendo ankationa mpaka pakhonde. Ine ndinkakupatsirani nthambi, inu n'kumakwirira, mukundichenjeza kuti utomoni usandigwere m'maso. Amalume anafika n'kukalipa: "Mkamwini n'kubzala mpanda pamudzi pa eni? Mukufuna kulanda malo?" Inu munayankha muli chigwadire: "Malo ndi anu, amalume. Ine ndikungofunditsa mbumba yanuyi."

Lero akuti wobzala anapita, mpanda nawo uchoke, padutse ngolo. Abweranso mawa ndi anyamata odula. Chibadwire sindinawatsutsepo amalume, ndipo ndikuopa kwambiri. Koma kuseri kwa nkhadzezi ndi kokhako kumene ndimakulirani popanda wondiuza kuti ndilimbe mtima. Mawa adzandipeza nditakhala patsinde pake, ndipo sindidzasuntha.