Mawu a Esnat Analowa ku Komiti

Tsiku limene Esnat analakalaka nthaka itamumeza, anali atavala chitenje chatsopano.

Anali mayi wamasiye, wogulitsa nthochi pa Ginnery Corner. Nthochi zake zinalandidwapo kambirimbiri, beseni lomwe osalionanso. Choncho bilu yokhudza ogulitsa m'misewu itapita ku Nyumba ya Malamulo, iye anakakamira phungu wawo, a Vitalis, kuti aikemo mawu akuti katundu wolandidwa azibwezedwa kwa mwini wake akalipira chindapusa. Aphungu analonjeza.

Esnat wathuyu mtima wake ndi wothamanga. Atangomva kuti bilu iwerengedwa kachiwiri, anauza anzake kuti zatheka basi. Amayi anagula chitenje chofanana ku Limbe, n'kuzungulira wailesi, nthungululu zili pakhosi.

A Vitalis analankhula bwino ndithu, koma za mawu a Esnat aja sanatchuleko.

"Aphungu aja akupatsani zingati, mayi?" anafunsa Miriam, wogulitsa mandasi, akupinda chitenje chake.

Kuyambira tsikulo palibe anamupatsanso moni. Zinamupweteka kuposa kulandidwa nthochi.

Loweruka anakwera minibasi mpaka ku Nkolokosa, kunyumba kwa aphungu.

"Bwana, mwatigulitsa."

"Khalani kaye pansi, mayi. Pa kuwerenga kachiwiri timangokambirana ngati nyumba imangidwe kapena ayi. Ndikanaimirira ndi mawu anuwo, a Sipikala akanandikhazika pansi. Zitseko ndi mawindo timaika pambuyo pake, ndime ndi ndime. Panopa bilu ili ku komiti, ndipo komitiyo ibwera ku Blantyre kuno kudzamva anthu. Mukapanda kubwera ndi anzanu, mawu anu afa."

Anzake ati? Esnat anabwerera manyazi ali tho, poti wolakwa anali iye. Koma sanabisale. Anayamba kuyendera amayi aja mmodzimmodzi.

"Ndinakuvinitsani ng'oma isanalire. Ndikhululukireni."

Ena ankayang'ana kumbali. Ena ankamuuza kuti achoke, akuthamangitsa makasitomala. M'mawa mwake ankabweranso, mpaka Miriam anatopa naye.

"Inu simumva ayi. Chabwino, tikumana komweko."

Tsiku la komiti, holo ya ku Chichiri inadzaza amayi, ena ana ali kumbuyo. Esnat anaimirira. Chizungu analibe, koma anafotokoza mmene mwana amagonera ndi njala beseni likapita. Atakhala pansi, amayi anayamba kuimirira okha, aliyense ndi nkhani yake.

Patapita miyezi, aphungu akuunika bilu ija ndime ndi ndime, a Vitalis anaimirira n'kupereka mawu aja. Nyumba inavomera. Esnat anamvera pa foni akutumikira kasitomala, ndipo analira osachita manyazi. Lero mayi akalandidwa katundu amadziwa kokamutenga.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso akukusekani chifukwa munagogoda nthawi isanakwane. Kufulumira si kulephera ayi. Funsani pamene munaphonya, pepesani kwa amene munawakhumudwitsa, mubwererenso. Musataye mtima, nkhani yanu idakali m'kati.